Tsiku Limene Ndinasiya Maliro Chifukwa cha Ndiwo Zosadya

Ana anga, nkhani iyi mwakhala mukuimva m'zidutswa, pena kwa amayi anu, pena kwa anthu a ku Biwi amene mpaka lero akandiona amakodolana n'kumati, "Ndi aja anathamangira ndiwo aja." Tsopano poti ndinapuma pantchito ndipo maso akuonabe, ndati ndiilembe ndekha, kuti pofotokozera ana anu muzidzayambira kumutu osati kumchira. Za ubwana wanga ku Dowa sindilemba, n'zofanana ndi za wina aliyense wa msinkhu wanga. Ine ndiyambira pa nsomba.

2001

Ntchito yokhazikika ndinaipeza mochedwa, imvi zitayamba kale kusuzumira. Zaka zonse zam'mbuyo ndinkagwira ya nyengo m'mafakitale a fodya ku Kanengo. Fodya akatha nayo ntchito inkatha, ine n'kubwerera ku Kawale kukakhala pakhonde ngati mlendo panyumba panga pomwe. Tsiku lina mnzanga wa kutchalitchi anandiuza kuti kuseri kwa nyumba zosungiramo katundu kuli kakampani kena kakufuna munthu wosamala nsomba. Ndinkayesa ndi za m'firiji zija amagulitsa m'masitolo. Nditalowa ndinaima pakhomo kukamwa kuli yasa. Munali mathanki agalasi ondondozana mpaka kukhoma, madzi akuchita thovu, ndipo m'katimo munkasambira tinsomba tabuluu, tachikasu, tina tamawangamawanga ngati chitenje. Zinali mbuna za kunyanja. Zinkabwera pagalimoto m'majumbo a madzi, n'kukhala kwa ife kuti zipume, kenako n'kukwera ndege kupita kunja, kumene anthu amaziika pabalaza n'kumangoziyang'ana.

Mwini wake anali mzungu wamtali wosakonda zoyankhula, moti antchito ankamutcha Bwana Phee. Pambali pake panaima bambo wamfupi wadazi atavala jombo. Amenewo anali a Makwinja, a ku Phalombe koma okhala ku Biwi kuyambira unyamata wawo, ndipo ndiwo ankamasulira. Bwana anandifunsa funso limodzi lokha, ngati ndimakonda nsomba. Ine ndinayankha ndi mtima wonse, "Kwambiri bwana, makamaka yokazinga." A Makwinja anaseka mpaka kutsamira khoma, kenako anauza bwana m'Chingerezi chawo chothyokathyoka kuti munthu ameneyu alembedwe chifukwa sadziwa kunama. Umo ndi mmene ndinalowera ntchito imene ndinadzapumirapo.

Tsiku loyamba a Makwinja sanandipatse ndowa kapena tsache. Anagwira dzanja langa, n'kulitembenuza, n'kusanjika kuseri kwake pagalasi la thanki. "Achimwene, mwana akadwala mumayamba kumugwira pati?" Ndinati pachipumi. "Basi, chipumi cha nsomba ndi ichi. Mukamadutsa paliponse muno, kaya mwanyamula chiyani, muzigwira pachipumi. Mbuzi ikamva ululu imalira, nkhuku imakuwa, koma nsomba silira. Imafa ikukuyang'anani." Choyezera kutentha chinalipo m'thanki iliyonse ndipo ankatikakamiza kuchiwerenga m'mawa ndi madzulo, koma ankati choyezera chimadikira kuti munthu achiyang'ane, pomwe dzanja umayenda nalo. Pasanathe mwezi ndinali nditazolowera moti ndinkapezeka ndagwira ndi kuseri kwa dzanja ngakhale ndowa ya kunyumba.

Muyenera kumvetsa chifukwa chake tinkavutika chonchi. Lilongwe si kunyanja. Nsomba zimenezi zinazolowera madzi ofunda chaka chonse, pomwe kuno mu Juni ngakhale munthu wamkulu amakambirana kaye ndi mtima wake asanasambe. Choncho m'thanki iliyonse munali hita, kandodo kagalasi kotenthetsa madzi, kokhala ndi kanyali kofiira. M'kati mwa hita muli kachitsulo kamene kamaizimitsa madzi akafunda mokwanira, n'kuiyatsanso akayamba kuzizira. Kachitsulo kameneka kakamagwira bwino ntchito, munthu umagona tulo. Kakakakamira, hita siizimanso, imangotentha.

Ku Kawale ntchito yangayi inali nthabwala ya chaka. Amayi anu anandifunsa kuti nsomba zimenezo timadya liti, ndipo nditawauza kuti sizidyedwa anadabwa. "Ndiye kuti inu tsiku lonse mumakhala mukuweta ndiwo zosadya, ife kuno tikudya bonongwe?" Mawu amenewo anatuluka pa mpanda, n'kufika pa bawo, n'kufika kutchalitchi. Anzanga ankandilonjera kuti, "Mbusa, ziweto zadzuka bwanji?" Ine sindinkadandaula. Malipiro ankabwera mvula ndi chilimwe chomwe, ndipo inu nonse munasiya kuthamangitsidwa kusukulu.

2003

Chaka chimenechi Bwana Phee anabwerera kwawo, ndipo kampani anaigula Mayi Nyirenda, amene kale ankachita bizinesi ya maluwa. Anali mayi wolimba, wosakonda kubwereza mawu, koma ankafunsa asanalamule, ndipo zimenezo si mabwana onse amazitha. Anatipeza pa nthawi yovuta. Magetsi ankangothimathima, madzi a m'mipope ankatha kusowa tsiku lonse, ndipo galimoto ya kunyanja inkagona panjira kawirikawiri. Madzi tinkasunga m'migolo kuti agone, chifukwa ochokera kumpope amakhala ndi mankhwala amene amapha nsomba. Magetsi akathima m'nyengo yozizira tinkafunditsa mathanki mabulangete, n'kumawiritsa madzi pambaula, kuwathira m'mabotolo ndi kuwayandamitsa m'katimo. Mahita abwino kuno kunalibe. Tinkatuma amalonda opita ku Joni pabasi, ndipo nthawi zina ankabwera ndi zinthu zokongola pabokosi zimene sizinkatha mwezi.

Imodzi mwa mahita oterowo ndi imene inandiphunzitsa za kutentha. Inakakamira m'kathanki kakang'ono ka pakona, ndipo mnzathu wina amene sanakhalitse pantchito anapeza nsomba zili pamwamba zikupuma mwawefuwefu. Mwa chifundo chake anathamangira kufiriji, n'kukhuthuliramo madzi ozizira kwambiri. Zonse zinagona chammbali nthawi yomweyo. A Makwinja sanakalipe. Anatisonkhanitsa tonse, ngakhale mlonda wathu, a Dzonzi, nkhalamba ya ku Area 25 imene ntchito yake inali ya pageti basi. "Munthu akatentha thupi simumuponya m'chitsime," anatero. "Mumamupukuta ndi kansalu konyowa pang'onopang'ono. Kuzizira kumapha, inde, koma kumakupatsa nthawi yoti uganize. Hita ikakakamira, thanki yasanduka poto. Ndiye madzi akatentha mpweya umathawamo, nsomba zimabanika zisanapse n'komwe. Choyamba zimitsani hita, koma musaizule m'madzi ikadali yotentha, iphulika. Pampu ya mpweya musaikhudze. Zinazo n'kudekha." Kuyambira tsiku limenelo a Dzonzi nawo ankalowa m'nyumbamo Lamlungu tonse kulibe, n'kumagwira pachipumi thanki ndi thanki.

Poona kuti za kunyanja sizikubwera modalirika, a Makwinja anapempha Mayi Nyirenda kuti tiyese kuswetsa tokha mbuna zachikasu zimene ogula ankazikonda kwambiri. Mayi anawapatsa kachipinda ka kumapeto ndi thanki yaikulu koposa onse. Anayamba ndi nsomba zowerengeka, kuzisankha, kuzipatula, kuzilera ngati ana. Mbuna yaikazi imafungatira mazira m'kamwa, ndipo nthawi yonseyo siidya kanthu mpaka ana ataswa. A Makwinja ankatha kuima pagalasi n'kumaiyankhula, "Pirirani mayi, mwatsala pang'ono." M'chipinda chimenecho tinkagwiramo ntchito awiri okha, iwo ndi ine. Patapita zaka ziwiri, thanki imodzi ija ndiyo inkatidyetsa tonse pakampanipo, chifukwa ana ake ndiwo ankadzaza mabokosi opita kundege galimoto ya kunyanja ikalephera.

2006

A Makwinja anayamba kudwala shuga chaka chisanafike pakati. Anaonda, mwendo unatupa, kenako anasiya kubwera kuntchito. Ndinkawazonda ku Biwi Loweruka lililonse, ndipo ndisanakhale pansi n'komwe funso linali lomwelo, "Zachikasu zija zafungata?" Akazi awo ankapukusa mutu n'kunena kuti bambowa akanafunsako za zidzukulu zawo chonchi bwenzi zitanenepa. Anamwalira kumapeto kwa Seputembala, nyengo ija usiku kumazizirabe koma masana dzuwa limaswa mtengo. Anali atanena kale kuti asadzawavutitse ndi ulendo wa ku Phalombe, adzaikidwe konkuno kumene anakalambira. Mwambo unali wa Lamlungu. Mayi Nyirenda anali ku Joni kokagula zipangizo, koma anaimba foni kuti galimoto ya kampani inyamule bokosi, antchito onse apite, ndipo ine ndikayankhule kumanda m'malo mwa apantchito. Abale anandipemphanso kuti ndikhale mmodzi mwa otulutsa bokosi m'nyumba. Ulemu woterewu superekedwa kwa munthu wamba, ndipo ndinagona pamaliropo ndikukonza mawu anga mumtima.

Dzuwa litakwera, akwaya akuimba, amayi atayamba kukonzeka zoona nkhope, foni yanga inanjenjemera m'thumba. Anali a Dzonzi akuflasha. Ndinaisiya. Inanjenjemeranso, n'kunjenjemeranso. Nkhalamba ija sinkaseweretsa foni, choncho ndinazemba kupita kuseri kwa nyumba ya aneba n'kuwaimbira.

"A Kamwendo, pepani pamaliro. Thanki ya a Makwinja ija yatentha thupi."

"Yatentha bwanji, madala?"

"Ngati tiyi wa mwana. Magetsi anathima m'mawa, n'kubwera mwamphamvu. Kanyali kofiira kaja sikakuzima. Nsomba zonse zili pamwamba, zikuyasamula kukamwa."

Ndinawauza chingwe choti azule pakhoma, ndi choti asachikhudze, ndiponso kuti asathiremo chilichonse mpaka nditafika. Mawu akuti "nditafika" anatuluka okha, ndisanaganize. Nditadula foni m'pamene ndinaona chimene ndanena. Kuzimitsa hita kunali kuchotsa nkhuni chabe, poto anali akadali wotentha, ndipo thanki yaikulu chonchija, m'chipinda chamalata, dzuwa la masana likubwera, sikanazizira yokha nsomba zisanabanike. Odziwa chochita m'chipinda chija tinali awiri, ndipo mmodzi anali m'bokosi.

Ndinaitanitsa amayi anu kuchokera pakati pa azimayi. Atamva anandigwira mkono wa jekete. "Bambo a Chikondi, mukachoka pano dzina lanu lathera pompano. Anthu akuonani. Mawa likadzagwa kwathu adzabwere ndani?" Sankanama. M'tauni muno mulibe abale okwanira kukumba manda, abale ako ndi anthu amene unawakhalira pamaliro awo. Kenako ndinapita kwa a Chisale, mkulu wa mpingo amene ankayendetsa mwambo, n'kuwanong'oneza kuti apeze wina wonyamula bokosi ndi woyankhula. Anachotsa magalasi. "Nsomba? Mukuti nsomba, a Kamwendo? Munthu amene anakulowetsani ntchito ali gone apa, inu mukuti nsomba? Maliro n'kulirana, bambo." Ndinaima pamenepo mtima ukukokera uku ndi uku, ndipo ndinkamva chisoni chenicheni, chifukwa nkhope ya a Makwinja ndinkafuna kuiona komaliza. Koma mapanga awiri avumbwitsa. Ndinadzifunsa kuti pa anthu onse ali pano ndani angathe kunyamula bokosi, ndipo yankho linali aliyense. Ndinadzifunsanso kuti ndani angapulumutse ntchito ya manja a munthu ali m'bokosiyo, pamodzi ndi chakudya cha mabanja athu tonse apakampani. Ndinati, "Pepani akulu, ndipita," ndipo ndinapita.

Ulendo wochoka pakhomo paja kufika pamene anaika masamba pamsewu ndi waufupi, koma sindinayendepo wautali chotero. Azibambo onse okhala m'mbali mwa mpanda anatembenuka. Wina anafunsa mnzake kuti akuluwa akupita kuti, ndipo yankho ndinalimva bwinobwino: "Akuti ndiwo zikupserera pamoto." Ena anaseka chamumtima, poti pamaliro saseka mokweza. Sindinacheuke. Galimoto ya kampani inali itakongoletsedwa kale kudikira bokosi, choncho ndinakwera minibasi mpaka kudepoti, n'kukapeza ya ku Kanengo ili ndi anthu atatu, kondakitala akuitanira mwaulesi wa Lamlungu. Ndinamuuza kuti ndili ndi odwala mwakayakaya. Anandiyang'ana jekete lakuda lija, n'kumenya chitseko kuti dalaivala anyamuke. Sindinamuuze kuti odwalawo ali ndi mamba.

Ndinapeza a Dzonzi ataima pakhomo pa chipinda chija atanyamula beseni la madzi oundana amene anakapempha kwa mayi wogulitsa mafirizi kumsewu. "Sindinathire," anatero msanga. "Ndimafuna, koma ndinakumbuka za chitsime zija." Ndinawauza kuti achita bwino kwambiri, ndipo ndinagwira pachipumi. Galasi linali lotentha ngati mwana wa malungo. Nsomba zinali zitaunjikana pamwamba, chikasu chawo chitafwifwa, ndipo zingapo zinali zitagona kale pansi. Ndinavula jekete ndi tayi. Tinachotsa chivundikiro, tinazimitsa nyali za pamwamba, tinatsekula zitseko zonse, n'kutenga fani ya mu ofesi ya Mayi kuilozetsa pamadzi. Ndinasolola mapaipi a mpweya m'mathanki opanda kanthu n'kuwaponya onse m'menemo mpaka madzi anachita ngati akuwira ndi thovu. Madzi oundana aja sitinawataye. Tinawaika m'mabotolo otseka bwino, n'kumayandamitsa limodzilimodzi kumbali, kutali ndi nsomba. Kenako inayamba ntchito ya ndowa: kutunga pang'ono m'thanki, kubwezeramo pang'ono a mumgolo ogona aja, kudikira, kuyang'ana choyezera, kubwerezanso. Mtima unkafuna kukhuthula mgolo wonse kamodzi, koma kuona maso a nkhono n'kudekha.

Dzuwa litapendeka ndinadziwa kuti kumanda afika pa nthawi ya mawu. Nsomba zinali zitayamba kutsika chapakati, koma zinali zisanachoke pangozi. Ndinaika ndowa pansi, dzanja lili pagalasi, ndipo mawu aja ndinakonza usiku wonse anayamba kutuluka okha. Ndinanena za munthu amene anandilembetsa ntchito chifukwa cha nsomba yokazinga, amene sanabise nzeru zake ngakhale kwa mlonda, amene sanakalipirepo munthu pagulu. A Dzonzi anavula chipewa. Ndinalira, ana anga, ndinalira ngati mwana, ndipo sindichita nazo manyazi. Nditamaliza a Dzonzi anati ameni, ife n'kutolanso ndowa zathu.

Pofika madzulo madzi anali atabwerera m'malo mwake. Tinavuula zakufa, kuphatikizapo yamphongo yaikulu imene a Makwinja ankainyadira, ndipo inandipweteka mtima. Zazikazi zina zinali zitalavula mazira chifukwa cha kubanika. Koma zambiri zinali moyo, zitabwerera m'miyala yawo, ndipo pakona ndinaona imodzi masaya ali tutumu, ikadafungatirabe. Sindinazipatse chakudya tsiku limenelo ndi lotsatira lake. Mayi Nyirenda atabwera anamvetsera zonse osandidula, kenako anandifunsa chimene tingachite kuti zisadzachitikenso. Tinagwirizana kuti m'thanki yaikulu muzikhala mahita awiri ang'onoang'ono m'malo mwa imodzi yaikulu, kuti imodzi ikakakamira isakhale ndi mphamvu yophika madzi onse. Tinagwirizananso kuti magetsi akathima n'kubwera, wina azizungulira kuona tinyali tonse, ndipo hita ikakalamba izichotsedwa isanalakwe. Chipinda chija anachipereka m'manja mwanga.

Kuntchito zinatha bwino chotero, koma m'dera lathu lino ayi. Ndinabwerera ku Biwi madzulo omwewo ndi m'mawa mwake, koma Mayi Makwinja anali m'nyumba pakati pa abale awo ndipo sindinathe kuwafikira. Amuna amene ndinkakhala nawo pabenchi ankasuntha pang'ono ndikakhala. A Chisale ankandipatsa moni wa nsonga za zala. Amayi anu anasiya kupita kumsika wa ku Biwi kwa miyezi ingapo chifukwa chotopa ndi mafunso akuti ndiwo zija zinapsa kapena ayi. Ine maliro aliwonse a m'dera lathu ndinkapita, kufika woyamba ndi kuchoka womaliza, ndipo sindinapepese kwa wina aliyense za chisankho changa, poti ndinkadziwa kuti nditabwezedwa pa tsiku lija ndikanachitanso chimodzimodzi. Munthu mmodzi yekha ndiye ankandisowetsa tulo. Mayi Makwinja atatha masiku a maliro anapita ku Phalombe kukakhala ndi achemwali awo, osanditumizira mawu alionse, abwino kapena oipa.

2007

Chaka chitatha, ana awo anamanga chiliza, ndipo uthenga unafika kunyumba kuti ine ndi amayi anu tikapezekeko. Amayi anu anati mwina akufuna akatichititse manyazi pagulu. Ndinati ngati ndi choncho ali ndi ufulu, mwamuna anali wawo. Tinapita. Kumanda kunali anthu ambiri a ku Biwi, ndipo a Chisale ndiwo ankayendetsanso mwambo. Ine ndinaima kumbuyo kwenikweni. Atatha mapemphero, a Chisale anayamba kutchula oti ayankhule, koma Mayi Makwinja anakweza dzanja ali chikhalire pamkeka.

"A Kamwendo alipo?"

Anthu anapatuka, ine n'kuyandikira ndi kugwada pambali pawo.

"Ndamva kuti tsiku lija munathamangira nsomba."

"Ndi zoona, mayi."

"Zinafa?"

"Zochepa. Zambiri zilipo, ndipo zaswa kale kawiri."

Anagwedeza mutu, n'kutembenukira kwa anthu. Mawu awo sanali okweza, koma kumanda kunali zii moti aliyense anamva. "Ndakhala ndikumva zimene mumanena za bambowa. Ine ndinali ndi chisoni changa, sindikanatha kuyankha. Koma amene agona apawa ndinakhala nawo zaka zambiri, ndipo palibe pano angandiuze za iwo. Tsiku la chinkhoswe cha mwana wathu Estere anachoka nkhuku isanagawidwe, akuti magetsi athima ku Kanengo. M'chipatala, mawu awo omaliza omveka sanali a ine kapena a ana. Anati, muwauze achimwene azigwira pachipumi. Ine ndinakwiya nawo mawu amenewo, n'chifukwa chake sindinawapereke." Kenako anandiyang'ana. "A Kamwendo, mukanakhala inu m'bokosi muja, iwo akanakusiyaninso. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo sakanatsanzika n'komwe."

Anthu anaseka, kuseka kwenikweni, ngakhale a Chisale anabisa nkhope m'buku la nyimbo. Amayi anu ankapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Mayi Makwinja anati mawu amene ndinayenera kunena chaka chatha ndiwanene tsopano, chifukwa mwini wake sapita kulikonse. Ndinaimirira n'kuyandikira chiliza. Ndisanatsekule pakamwa, ndinangoona kuti dzanja langa latembenuka lokha, ndipo kuseri kwake kwagona pa simenti, pamwamba pa dzina lawo. Panali pofunda bwino, osati potentha.